Kapini

Lachiwiri, magetsi atazima ku Makata,
makina onse ali duu ngati ng'ombe zokhuta,
a Matewere analowa ndi chinthu chachitali
chokulunga m'katani yakale ya maluwa.
Ine ndinkayesa ndi shafiti ya chigayo.

Atafunyulula, Fatsani anasiya kusesa.

Mfuti.
Koma osati gogodera wa alenje a kumapiri,
osatinso zija zimalendewera pamapewa a apolisi pa rodibuloko.
Iyi yakuda bii, yopepuka moti dzanja limadabwa,
thabwa mulibemo, aluminiyamu ndi pulasitiki basi,
pamsana kanjanji ka manomano koikapo galasi loonera patali,
ndipo kunsi kwake mphete yachitsulo
yoti mulowe zala zitatu.

Ukaikankhira pansi, nsagwada imayasama
n'kulavula khoko la chipolopolo;
ukaibweza, china chakhala kale pampando.
Khe-tche. Mawu awiri okha.
Nzeru yamakedzana ataiveka suti yatsopano.

Ndisabise: ndinaikonda.
Zaka makumi atatu ndikusema zitsulo,
ndimadziwa ntchito ya munthu amene sanathamange.
Amene anajambula mphete imeneyi
ankadziwa pomwe chala chimatopera,
anaikulitsa pang'ono kuti ngakhale wovala magolovesi alowetse dzanja.
Ndikadakumana naye ndikadamugulira tiyi wamkaka.

"Kathyoka kapini," anatero a Matewere,
"kogwira mpheteyi. Kuitanitsa kunja ndi miyezi,
ndipo mvuu zikundithera chimanga kumunda ku Chikwawa."

Kapini kotero, pa makina anga, ndi ntchito
yoti nditha madzi a tiyi asanawire.

Ndinati: chiphaso chili pati, bwana?

Anaseka, kuseka kwa munthu wotopa.
"Chili m'njira. Mafomu ndinasiya kupolisi mvula isanagwe.
Ati dindani zala, ndinadinda.
Ati zithunzi, ati kalata ina,
ati amene amasaina apita kumaliro, bwerani Lolemba.
Malolemba angati, amisiri?
Mvuu sidikira chidindo."

Sananame, ndikudziwa.
Mabenchi amenewo nanenso anandithera thalauza
pofuna kapepala kakang'ono kuposa kawo.

Koma ine ndinali ndi mng'ono wanga, Ndaona,
mlonda wa sitolo ya nsalu ku Limbe.
Zida zake: chibonga, tochi ndi wezulo.
Mfuti imene inamupeza usiku uja
sinagwe kumwamba.
Wina anaipaka mafuta.
Wina, mmisiri ngati ine, wa manja abwino,
anaisemera kachitsulo kamene kanasowa
ndipo sanafunse kanthu,
chifukwa mwina nayenso ana ake anali atabwezedwa fizi.
Tinakamuika kwa Kachere, mvula ikuwaza,
abwana ake atatumiza nsalu yoyera mamita anayi.

Zimenezi sindinawauze a Matewere.
Ndinangoti: likabwera pepalalo, mundipeza pompano.

Anakulunga katani yawo pang'onopang'ono,
maluwa aja akubisa mphete, kanjanji, kamwa.
Pakhomo anacheuka:
"Ku Ndirande alipo amene safunsa."
Alipodi. Ena ndinawaphunzitsa ndine.

Fatsani anandiyang'ana ngati ndataya ndalama m'ngalande,
ndipo sanalakwe: lendi ya shedi ino sidikiranso chidindo.

Magetsi anabwera cha m'ma folo.
Ndinamaliza mabawuti a basi ya ku Chilomoni,
ndinauza mnyamata aweruke.
Kenaka, sindikudziwa chinandigwira n'chiyani,
ndinatola kachidutswa ka chitsulo cholimba.
Maso anga anali atayeza kale masana,
maso a mmisiri sapempha chilolezo.
Ndinakasema, ndinakapala ndi tupa,
ndinakawotcha mpaka kufiira, ndinakamiza mu oyilo
kanalira tswii.

Katuluka bwino, ndikulumbira,
kuposa kaja ka kufakitale.

Kali m'chitini cha maswiti pamwamba pa kabati,
pamodzi ndi wezulo ya Ndaona.
Ndikatseka chitseko mwamphamvu
ziwirizi zimagundana m'menemo.

Papita Malolemba asanu ndi awiri.
A Matewere sanabwere.
Sindikudziwa ngati chatha ndi chimanga
kapena mvuu.